Chaka Chimene Ndinaphunzira Kuyang'ana Akuluakulu M'maso

Ndikukumbukira bwino nyengo yozizira ya chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, chifukwa m'nyengo imeneyo ndinatsala pang'ono kusiyidwa pa timu ya hoke, ndipo mlandu wanga unali ulemu. Apo n'kuti titakhala ku South Bend, ku America, zaka zingapo chisamukireni ku Dedza. Bambo ankachita maphunziro pa yunivesite, mayi ankagwira ntchito ya unamwino kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ine ntchito yanga inali kugwa pa ayezi.

Hoke ndinaiyamba mwangozi. Mnzanga wa kusukulu, Tyler, ananditengera ku bwalo la ayezi nandibwereka nsapato zokhala ndi mpeni kunsi zimene mkulu wake anali atazisiya. Tsiku loyambalo ndinayenda kwambiri ndi matako kuposa miyendo. Koma ine ndinabadwa ndi makani, chinthu chikandigwetsa ndiye chandiitana. Masewerawo ndi osavuta kuwamva: mumalimbirana kamphira kakuda kolimba ngati mwala, kotchedwa paki, mukukakankha ndi ndodo yopindika kumapeto mpaka kakalowe m'golo. Mayi sankamvetsa kuti munthu wanzeru zake angakadzitsekere bwanji m'firiji n'kumati akusewera, komabe ankandichapira zovala zonunkha thukutazo osatopa.

Kochi wathu anali a Gilbert, bambo wa ku Canada amene hoke inali ntchito yawo kuyambira unyamata. Anakulira m'katauni kakang'ono kumpoto kwa dzikolo, kumene ana amasewerera pa dziwe louma ndi chisanu kuseri kwa nyumba. Anachoka pakhomo ndevu zisanamere, n'kukhala zaka zambiri m'matimu ang'onoang'ono, akugona m'mabasi, kudzuka ali m'tauni ina. Ligi yaikulu ija imene mwana aliyense wa kwawo amailota inawaitanako, anasewerako pang'ono, kenaka anabwezedwa. Timu yawo yomaliza inali ya ku Indianapolis, ndipo atasiya anakhazikika ku South Bend kwawo kwa akazi awo. Mphuno yawo inali yokhota, mano akutsogolo anali oikirira, ndipo ankawachotsa n'kuwaika m'thumba akafuna kuliza wezulo. Kuwala kwambiri kunkawapweteketsa mutu. Tonse tinkawaopa, ndipo tonse tinkafuna kuti atione.

Chaka chimenecho zinthu zinasintha, chifukwa pa msinkhu wathu malamulo anayamba kulola osewera kugundana ndi matupi. Kutsogolo kunali mpikisano wa ku Indianapolis, woyamba wanga kunja kwa tauni yathu. Azakhali anga a ku Lawrence, dera la ku Indianapolis komweko, anali atalengeza kale kwa Amalawi onse a kutchalitchi kwawo kuti mwana wa achimwene awo akubwera kudzasewera. Ine ndinkagona ndikuganiza za ulendowo.

A Gilbert anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Ankaima pakati pa bwalo, manja kumbuyo, ndipo wosewera aliyense ankabwera molunjika kwa iwo akuyendetsa paki. Ukayandikira, ankaponya maso kumanzere kapena kumanja, osayankhula kanthu, ndipo iwe unkayenera kukhotera kumene masowo apita. Cholinga chinali chakuti manja azimva okha kumene paki ili, mutu uli m'mwamba. Anzanga ankadutsa bwinobwino. Ine ndinkayamba bwino, koma ndikangofika pafupi n'kuona kuti bambo wamkulu akundiyang'ana, khosi linkawerama lokha. Kwathu mwana sapenyetsetsa wamkulu m'maso. Ndinaziyamwira zimenezo, ndipo thupi silinkandifunsa. Ndinkawawomba a Gilbert m'mimba, kapena kukhotera kolakwika.

Chodabwitsa n'chakuti akatiitana kuti atilankhule, tonse tinkagwada bondo limodzi pa ayezi monga mwa mwambo wa masewerawo, ndipo pa zogwada panalibe wondiposa. Koma apanso maso anga ankakhala pa nsapato zawo, iwo n'kumaganiza kuti sindikumvetsera.

Tsiku lina atamaliza kuphunzitsa anandiitanira pambali.

"Limbani, miyendo uli nayo, mtima uli nawo. Koma ku Indianapolis sukupita. Sinditenga mwana woyang'ana pansi."

Ndinayankha kuti ndamva, ndikuyang'ana pansi pomwepo. Kufotokoza sindikanatha, pakuti kuyankha wamkulu ndi mwano winanso. M'galimoto ndinalira mwakachetechete, misozi ya mkwiyo, mpaka bambo anaimitsa galimoto pambali pa msewu kuti ndiwauze chimene chachitika.

Tsiku lophunzira lotsatira bambo analowa nane m'bwalomo atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anapereka moni kwa a Gilbert dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, mutu utawerama pang'ono, pakuti a Gilbert anali aakulu kwa iwo. A Gilbert anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine, kenaka anati, "Tsopano ndaona kumene mwanayu anazitenga."

Bambo anafotokoza modekha kuti mwanayo sakuyang'ana paki ayi, akupereka ulemu. A Gilbert anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anavula kapusi, natisonyeza chipsera chachitali pamwamba pa khutu, n'kutiuza mmene ntchito yawo inathera. Anali pa masewera ku Indianapolis komweko, paki inawakola m'miyendo, ndipo anaweramitsa mutu kamphindi kuti aione. Munthu amene anawagunda sanamuone n'komwe. Anatsitsimukira kuchipatala, akufunsa mayi amene anakhala pambali pa bedi kuti ndi ndani, pamene anali akazi awo. Sanasewerenso.

"Ulemu wanuwo ndaukonda," anatero. "Ana ambiri pano alibe. Koma mnyamata amene adzabwere kudzamugunda sadzafunsa chifukwa chake mutu uli pansi. Akadzandiyang'ana m'maso, ndidzamutenga."

Bambo anathokoza, ndipo tinatuluka. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, kuti andiuza zoti ndilimbikire masamu. Koma m'mawa mwake anandidzutsa kusanache bwino. "Tenga ndodo yako, titsike." Pansi pa nyumba yathu ya mafulati panali chipinda chochapira zovala, chachitali, chonunkha sopo ndi chinyontho. Bambo anakaima kumapeto, pakati pa makina ochapira, manja kumbuyo monga a Gilbert. Anandiponyera mpira wa tenesi.

"Bwera. Undiyang'ane."

Ndinayenda pang'ono n'kuyamba kuseka. Anandikalipira, ndipo nkhope ya bambo okwiya ndiyo inali yovuta koposa kuiyang'ana. Ndinabwerera, kuyambanso. Maso ankathawira pa kolala ya malaya awo, pa chibwano, pa khoma, paliponse kupatula pamene ankafunika. Ndinkamva ngati ndikuwatukwana. Koma ndinalumbira mumtima kuti ku Indianapolis ndipita, ngakhale khosi lithyoke.

Tinkatsika m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Mayi sizinawasangalatse. "Bambo a Limbani, mwanayu mukumutreina mwano," ankatero akuvala yunifomu. "Mawa akapita kumudzi akakawatong'olera maso agogo ake, anthu adzati ife ku America kuno tikulera chiyani?" Bambo ankangoti za kumudzi tidzaziona tikadzafika.

M'mawa wina ndinatopa nazo, ndinaponya ndodo pansi n'kunena kuti sizingatheke. Bambo anakhala pa benchi yopindirapo zovala. Kenaka anati, "Ukuganiza kuti kwa ine n'zophweka? Bambo anga anamwalira ndisanawayang'anepo m'maso. Utandifunsa kuti maso awo anali otani, ndingakuuze za nsapato zawo. Tola ndodoyo."

Ndinatola. Ulendo umenewo ndinayenda chipinda chonse osagwetsa maso, mpira ukugunda ndodo uku ndi uku pansi pamene sindinkaona. Ndinazindikira kuti m'diso lamanzere la bambo muli kadontho kakuda, ndiponso kuti maso awo anali ofiira chifukwa chowerenga. Ndinali nditakhala nawo moyo wanga wonse osadziwa zimenezo. Anaponya maso kumanja, ine n'kukhotera kumanja, mpaka kukagunda dengu la zovala za anthu ena. Anaseka mpaka kutsokomola.

Sabata yomaliza ulendo usanachitike ndinaima pa mzere ndi anzanga. Nthawi yanga itakwana ndinanyamuka. Maso a a Gilbert anali otuwa, ozizira ngati bwalo lomwelo, ndipo khosi linayamba kukoka monga mwa chizolowezi. Ndinakukuta mano. Maso awo anapita kumanzere, ndinadutsa. Anandibwereza, ndinadutsanso. Anandibwereza mpaka anzanga anayamba kudandaula. Pomaliza anabwezera mano m'kamwa nati, "Uwauze bambo ako athire mafuta m'galimoto."

Ku Indianapolis azakhali anabweradi ndi gulu lawo, atafunda mabulangete pamwamba pa majekete, osadziwa ngakhale lamulo limodzi la masewerawo. Timu imene tinakumana nayo inali ndi mnyamata wina wamtali, wonenepa, amene anali atagwetsa kale anzanga angapo. Pakati pa masewera paki inandipeza m'mphepete mwa khoma. Ndinathamanga nayo mutu uli m'mwamba, ndipo ndinamuona akubwera chammbali, phewa atalitsitsa, maso ali pa chifuwa changa. Ndinapatsira Tyler n'kudzikhotetsa. Mnyamatayo anandikhudza pang'ono pa mkono nakadziwomba yekha pa khoma, magalasi onse otchinga bwalo mpaka kunjenjemera. Azakhali analiza nthungululu poganiza kuti tagoletsa. Sitinagoletse, ndipo masewerawo tinaluza. Nditafika pa benchi, a Gilbert anangondigogoda pa chisoti ndi chala.

Pobwerera ku South Bend masana a Lamulungu, mayi anagona kutsogolo, ine ndili kumbuyo ndi chikwama changa chonunkha. Kunja kunali minda ya chimanga yokutidwa ndi chipale chofewa mbali zonse. Bambo ankayendetsa galimoto. Penapake m'njira anakweza maso pa kagalasi koonera kumbuyo, n'kupeza anga ali pomwepo. Sindinawagwetse. Iwonso sanawachotse msanga, mpaka mayi anadzidzimuka n'kuwauza kuti ayang'ane msewu.

Hoke ndinasewera mpaka kumaliza sekondale, ndipo sindinafike patali. Ndinatuluka ndi mano anga onse ndi mutu wabwinobwino, chimene a Gilbert ankafuna kuposa zikho. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati nkhondo yonse inali yanga, kuti ndine amene ndinalimba mtima. Lero ndikuona kuti wolimba mtima anali munthu amene ankaima pakati pa makina ochapira aja. Bambo analeredwa kuti mwana wawo adzawaweramire, ndipo kudziko lachilendo, kumene anthu ambiri sankatha ngakhale kutchula dzina lawo, ulemu wa m'nyumba mwawo ndi umene unawatsalira. Anauchotsako okha m'mawa uliwonse, n'kuupereka kuti mwana wawo asadzanyamulidwe pa machira. Akuluakulu a kutchalitchi ndimawaweramirabe mpaka lero, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma bambo anga ndimawadziwa nkhope, ndipo ana anga akadzandifunsa kuti agogo awo anali otani, ndidzakhala ndi chowayankha.