Oyilo Wooneka Ngati Tiyi Wamkaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene asibweni, mlongo wa amama, anandipatsa ntchito pa boti lawo ku Ngara. Ana awo onse anali kutauni, ndipo dzanja langa laling'ono ndi lomwe linkalowa m'malo opanikizika a injini. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkasolola kandodo koyezera oyilo wa injini, kenako ka giyabokosi, n'kupukuta ndi kansanza, kubwezera, kusololanso. Ndinkatsegulanso pansi pa sefa kuti madzi olowa mu dizilo adonthe. Fungo lake linkanditsatira mpaka m'kalasi, moti ndinkabisa zala pansi pa desiki.

Chinkandivuta ndi kulankhula. Zonse za mumtima ndinkauza kabuku kanga ka chikuto chobiriwira.

Lachiwiri lina kandodo ka giyabokosi kanatuluka ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, pomwe masiku onse ankaoneka ngati uchi. Ndinapukuta katatu, osasintha. Asibweni anali pamchenga ndi anzawo, akukangana za mpira. Nditagwada pambali pawo, mmodzi anaseka.

"Khalani chete, makaniki wamkulu wafika!"

Ndinangoti, "Ndamaliza, asibweni," n'kuthamangira kusukulu. Pa nthawi yopuma ndinalemba kuti: "Oyilo wasintha mtundu. Ndiwauza mawa." Mawa lake ndinalembanso zomwezo. Mtima sunkakhala pansi. Aphunzitsi akamalemba pabolodi, ine ndinkangoona kandodo kaja.

Lachisanu madzi osefukira anadula msewu. M'mawa womwewo mkulu wanga Lusungu, yemwe anali woyembekezera, mimba inayamba kumupweteka, ndipo anesi anati mwana wagona mopingasa, athamangire kuchipatala chachikulu. Njira inatsala ya panyanja basi. Tinamugoneka pa mphasa m'boti, mutu pamiyendo ya amama. Ine ndinakhala pafupi ndi injini, ndikuluma zikhadabo.

Titayenda ngati theka la ola, injini inayamba kulira mokweza koma boti likucheperachepera liwiro. Asibweni anabweza chogwirira giya pakati, n'kukankhiranso kutsogolo. Phokoso lokhalokha. Pulopela inkangozungulira mwaulesi, mafunde n'kuyamba kutimenya chammbali. Lusungu anabuula, akukoka chitenje cha amama.

"Kodi n'chiyani, achimwene?" anafunsa amama.

"Injini ili bwino. Mwina ukonde wakulunga pulopela."

Anayamba kuvula malaya kuti adumphire m'madzi. Apo ndinadziwa kuti akataya nthawi pansi pa boti, wolakwa ndine.

"Asibweni, si ukonde. Ndi oyilo wa giyabokosi."

Anandiyang'ana, n'kuzimitsa injini, n'kusolola kandodo. Anafikisa oyiloyo pakati pa zala.

"Madzi alowa. Unaziona liti?"

"Lachiwiri."

"Unauza ndani?"

"Ndinalemba m'kabuku."

"Kabuku kakoko kali ndi sipanala?"

Anandipatsa chitini kuti ndilowetse pansi pa giyabokosi, pomwe dzanja lawo silinkafika. Chitsulo chinali chotentha, chinandiwotcha pamkono, koma sindinasunthe mpaka oyilo yense woipa atatuluka. Anathira watsopano wa m'chigubu chomwe ankasunga pansi pa mpando. Nthawi yonseyo boti linkangoyendayenda ndi mafunde, amama akupemphera m'Chitumbuka, Lusungu akuitana dzina langa ngati kuti ine ndi amene ndingamuthandize.

Atalizanso injini ndi kulowetsa giya, boti linagwedezeka kamodzi, giya n'kugwira. Tinayenda pang'onopang'ono, asibweni akundiuza kuti ndiziyeza oyilo ndi kunena mokweza zomwe ndaona. Ndinkakuwa kuposa injini, ine amene m'kalasi sindinkamveka.

Mwana anabadwa masana, pa opaleshoni. Dokotala anauza amama kuti tikadachedwanso pang'ono, ikadakhala nkhani ina. Patapita masiku, asibweni anandionetsa kapaipi koziziritsira oyilo komwe kanabooka, n'kunena kuti Lachiwiri lija akadakonza pamtunda asanamwe n'komwe tiyi.

Chipsera chija chikadali pamkono, ndipo mwana uja tsopano ali sitandade 6. Kale ndinkaganiza kuti manyazi anga ndi ulemu, kuti savulaza munthu. Anatsala pang'ono kupha anthu awiri. Kulemba sindinasiye, manyazinso sanathe, koma ndikaona chinthu chasintha mtundu, ndimayamba ndanena kwa mwini wake, anthu aseke kaya asaseke. Kabuku kamamva pambuyo.