Nsato Ziwiri za Achimwene Anga

Ena akamva nkhaniyi amati ndikukokomeza, koma ine ndinalipo, ndipo mpaka lero ndikaifotokoza mtima umandiwawa.

Achimwene anga ankagwira ntchito pa loji ina kuno ku Nkhotakota, yochotsa njoka zikalowa m'zipinda za alendo, ndipo kunyumba ankaweta nsato ziwiri m'mabokosi a waya. Yaikulu anaitola m'munda wa nzimbe itatemedwa ndi chikwanje pamutu, ndiye chipolereni mutu wake unkangogwedezeka ngati wa nkhalamba, mwina n'kuphonya khoswe pogwira, koma inkadya ndi kufundula bwinobwino, zaka ndi zaka osasintha. Yaing'ono anawasiyira mlendo wina pobwerera kwawo.

Tsiku lina masana ndinalowa m'chisakasa momwe munali mabokosiwo kukatenga lichero, ndipo ndinapeza yaing'ono ija itaimika khosi, maso ali kudenga, ili duu. Kenaka inayamba kupotokola ngati chingwe, n'kugwa chagada, mimba yoyera ili m'mwamba, kuyesa kutembenuka koma osatheka. Kodi inu munaionapo njoka itagona chagada? Ndinakuwa, anthu n'kudzadzana.

Tsoka lake, sabata yomweyo mwana wamkazi wa aneba athu anali kuchipatala ndi malungo aakulu, akukomoka, maso atatembenukira m'mwamba. Amayi ena atangoona njoka ija anayamba kunong'onezana kuti zimene ikuchitazi ndi zomwe akuchita mwana uja.

Achimwene anakatenga dokotala wa ziweto pa kabaza. Adokotalawo anagoneka chagada nsato iliyonse: yaikulu inatembenuka nthawi yomweyo, yaing'ono inangokhala. Anafunsa ngati yaing'onoyo ikudya, achimwene n'kuyankha kuti yakhala ikusanza. Adokotala anati kugwedeza mutu kwa yaikuluyo ndi chilema chabe, poti sichikukula ndipo njokayo ikudya, koma yaing'onoyo ili ndi matenda a muubongo opanda mankhwala, opatsirana pakati pa njoka zokhazokha, osati anthu. Anaibaya jakisoni woipha kuti isavutikenso, n'kuwauza achimwene kuti inayo aiike payokha, aziiyang'anira.

Mwana uja anamwalira. Titangoika maliro, azibambo anabwera ndi makasu, akuti nsato inatsalayo nayonso ikugwedeza mutu, ndiye mwana wotsatira akhala wa yani? Achimwene anaima pakhomo pa chisakasa.

"Azibambo anga, iyi sikudwala ayi, ndi chipsera chabe. Dikirani ndiipatse khoswe muone."

Palibe anadikira. Anawakankhira pambali n'kuyamba kuitema nsato ija, ndipo ine ndinatseka makutu. Achimwene anaikwirira okha kuseri kwa nyumba, ndipo mwezi usanathe anasamukira ku Dwambazi. Kwathu kuno sanapondekonso, ngakhale pa maliro a amalume athu anangotumiza uthenga. Mayi a mwana uja timapatsana moni tikakumana kumsika, koma sitiyang'anana m'maso, ndipo sindingawade, iwonso anataya mwana.

Ine lero ndimakhulupirira kuti mwana uja anafa ndi malungo, nsato yaing'ono inafa ndi matenda ake, ndipo yaikulu inafa ndi mantha athu. Choncho anzanga, chiweto chikayamba zachilendo, ngakhale ikhale njoka, onani kaye ngati chikudya, ngati chikutha kudzuka, ngati vutolo likukula, ndipo itanani odziwa khamu lisanafike pakhomo. Kwathu khamu linabalalika tsiku lomwelo, koma achimwene anga sanabwerenso.