Kubwereka Lichero ku Mwase Lundazi

Tinachoka ku Kasungu ine ndili ndi mwana kumbuyo komanso katundu woti kondakitala wa minibasi anachita kugwira pakamwa. Mwamuna wanga anali atapeza ntchito ya fodya kwa mlimi wina ku Mwase Lundazi, kutsidya kwa malire, ndipo bwanayo anatipatsa nyumba m'mudzi ndi kamunda koti ndilimepo zanga. Tsiku lonyamuka mayi anga anandikokera kuseri n'kundilangiza kuti, "Kumeneko n'kwa eni. Usakapemphe ngakhale mchere, angamati Amalawi afika, bisani ndiwo." Ndiye ndinanyamula zonse: mtondo, musi, sefa, malichero, mphasa, mpaka chipande chachiwiri choti choyamba chikathyoka.

Ine ndine wamtima wapachala, ndipo kunyozeka ndimadana nako. Malangizowo ndinawalandira ndi manja awiri. Amayi a m'mudzimo, ambiri Atumbuka, ankabwera pakhomo panga, uyu wafuna moto, uyu sefa, wina kamchere, ine n'kumapereka mosanyinyirika. Koma phazi langa silinapondepo pakhomo pa munthu kukapempha kanthu. Machesi akatha ndinkapalasa njinga mpaka kugolosale, utsi ukufuka nyumba yoyandikana nayo. Ndinkadziona ngati mlendo wabwino kuposa onse amene anawolokapo malire.

Kumjigo ankandilonjera bwinobwino. "Monire amama, mwawuka uli?" Ine ndinkayankha ndi Chitumbuka changa chotsimphina, iwo n'kumwetulira mwaulemu, koma nkhani zenizeni zinkadikira kuti ndisenze ndowa ndichoke. Ndikafika pokhota ndinkamva phwete kumbuyo. Ndisaname, zinkandipweteka.

Pakamunda paja ndinadzala mtedza, ndipo unabereka modabwitsa. Ndinaukumba n'kuunjika milumilu kuti uume. Ukuuma choncho, mwamuna wanga anagwa panjinga pochokera kuboma, mwendo n'kuthyoka. Anabwera kunyumba ndi chikhakha, ntchito n'kuima. Mtedza uja ndiwo unasanduka zonse: nsinjiro, mbewu, sopo, chimanga chogula, zonse zinali m'milu ija.

Kumeneko anthu akamaliza kukolola amamasula ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba kuti zizidya mapesi m'minda. Zikadya zokolola za munthu wochedwa, palibe mlandu. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi analengeza kuti ziweto zimasulidwa Loweruka likudzalo. Mtedza wonsewo unali usanathotholedwe, ndipo manja anali anga okha.

Ndinadzikakamiza kuyenda nyumba ndi nyumba kupempha kuti andithandize. Aliyense ankandiyankha mokoma kuti, "Tizaona amama, na ise tili bize." Palibe anabwera. Ndinathothola ndekha, mwana akulira kumsana, zala zikuchita matuza, koma dzuwa likamapendeka milu inkaoneka ngati yawonjezeka.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wamasiye, wamfupi, wosapsatira mawu, amene ankabwereka sefa yanga kuposa onse. Anandipeza kumundako akuchokera kotola nkhuni, ndipo mkwiyo wonse ndinaukhuthulira pa iye.

"Amama, ndinakulakwirani chiyani anthu inu? Sefa yanga yazungulira mudzi wonse, lero ndavutika mukungondiyang'ana!"

Anatula nkhuni zake, n'kukhala pamzere osafulumira.

"A Kasungu, imwe mulibe mulandu. Koma muli monga shopu. Pa shopu munthu atenga chinthu, ayenda. Munaonako munthu ayenda kukalimila shopu? Chibwelele chanu, munabwelako pa nyumba panga kupempha moto? Ise tinaona ati aba ni okwana, vinthu vathu avinyansa."

Ndinafuna kumuyankha zoti asadzaiwale, koma ndinangofunsa kuti, "Ndiye ndichite bwanji?"

"Mailo kuseniseni muyende mukabweleke lichelo. Nyumba iliyonse. Osakamba za kuthandiza iyayi, lichelo chabe."

"Malichero ndili nawo, amama."

"Bisani!"

M'mawa mwake ndinakankhira malichero anga pansi pa bedi, mwamuna wanga akuseka mpaka mwendo kumupweteka. Ndinatuluka mwamanyazi. Pakhomo loyamba ndinaodira, ndinagwada, mawu n'kutuluka ngati a mwana wakuba shuga. Mwini nyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Lichelo? Nthawi ino ya kukolola? Langa siliyenda leka. Nizabwela nalo."

Pakhomo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinasintha, ndinapempha mphasa, yankho lomwelo. Kwina ndinapempha wilibala, bambo wa pakhomopo n'kunena kuti inafa kalekale, aona chochita. Ndinafika kumapeto a mudzi manja ali lendelende, ngakhale kalichero kobooka ndilibe. Ndinapita kumunda ndikutukwana chamumtima, ndikuti mayi wamfupi uja wandichititsa manyazi dala kuti akapeze chosekera kumjigo.

Ndinali nditangokhala pansi pamulu woyamba pamene ndinamva nyimbo kunjira. Nditadzutsa mutu ndinaona mzere wa amayi, aliyense lichero lake pamutu, wina mphasa kukhwapa, wamasiye uja ali patsogolo ngati wotsogolera kwaya. Sanandifunse n'komwe poyambira. Anayala mphasa, kuzungulira mulu, manja n'kuyamba kuthothola. Ine misozi inangoti mbwee.

"Lekani kulila, a Kasungu, mtedza uzanyowa," anatero wina. "Nanga malichelo yanu yaja yatsopano mwabisa kuti? Tinayaona pobwela!"

Gulu lonse linafa nacho chiseko. Anadziwa! Onse anadziwa kuti ndanama, ndipo bodza lakelo ndi limene linawasangalatsa. Kenaka anayamba kundikalipira. Amvekere munthu woitana anzake kumunda amaphika chindongwa, limene ndi thobwa lakumeneko, nanga ine ndawaitanira mphepo? Amvekere milu ndaunjika moipa, ya ku Malawi imakhala choncho? Apo mtima wanga wapachala unadzuka, ndinawabwezera kuti mtedza wa ku Kasungu sufuna kuphunzitsidwa ndi munthu. Anakuwa mokondwa, wina mpaka kundimenya paphewa. Chibwerereni changa palibe anali atandikalipirapo, ndipo sindinadziwe kuti ndinkazilakalaka chonchi.

Nkhani zija zinkadikira kuti ndichoke zinakambidwa ndili pomwepo. Ndinamva za amuna a eni, za apongozi ovuta, zina zoti sindingalembe pano. Tsiku lotsatira anabweranso, ine nditafulula thobwa lakwathu, ndipo analimwa lonse akulinyoza. Lachisanu masana bambo wa wilibala yakufa uja anatulukira ndi ngolo. Matumba anakwera, ine pamwamba pake ndi mwana wanga, amayi akuyenda m'mbali akuimba. Mwamuna wanga anadzikoka ndi ndodo mpaka pakhomo, anayang'ana matumbawo akulowa m'nyumba, osatha kunena kanthu koma "Yewo, yewo," kuthokoza kwa Chitumbuka kokhako kumene ankadziwa.

Loweruka ndinalawirira kumunda dala, ndipo wamasiye uja ananditsatira. Tinaima pachulu. Ng'ombe zinabwera chigulu, fumbi kobo, nkhumba zikuthamanga pambuyo, n'kulowa m'munda mwanga molimba mtima. Zinanunkhiza uku ndi uku, zinapeza masangwi okhaokha.

"Mwachedwa!" ndinazikuwira. "Idyani zimenezo, mtedza uli m'nyumba!"

Ndinaimba nthungululu mpaka mwana kudzidzimuka kumsana. Mnzangayo anandisiya ndimalize, kenaka anandikoka chitenje.

"Yakwana, a Kasungu. Tiyeni, mapila yanga yakali pa bwalo, yosapuntha. Mubwele na lichelo lanu."