Kiyibodi yanga ili pa Nselema, ndipo ndikaitenga

Pa Nselema pali munthu wokonza mafoni ndi makompyuta amene amadzitcha Injiniya. Ndi wakuba. Ndikunena ine, mlembi wa komiti ya chithandizo cha chimanga kwathu kwa Mposa.

Kompyuta yanga ndi yakale, yobwera ndi mwana wanga kuchokera ku Joni. Ndi imene ndimalembera maina a mabanja olandira chimanga, chifukwa ku ofesi amakana zolemba pamanja. Zilembo za pa kiyibodi zitafufutika, ndinazilembanso ndekha ndi penti yoyera ya bwato.

Chaka chino cha njala akuba sakugona. Lolemba ine ndi akazi anga tinachotsa thumba lathu lomaliza m'nkhokwe n'kulibisa kuseri kwa tebulo la kompyuta. Tinazula mawaya, n'kubwezeretsa. Nditayatsa, kiyibodi zii. Mausi osayenda. Maina amafunika Lachisanu, 10 koloko m'mawa.

Lachiwiri ndinamanga kiyibodi ndi mausi pa njinga. Maola awiri ndikupalasa, m'mimba muli madzi okha. Injiniya analumikiza mawaya ku kompyuta yake. Ndinaona ndi maso anga timagetsi titatu ta pa kiyibodi tikuphethira. Iye anazula msanga.

"Madala, zafa zonse ziwiri. Zisiyeni pano ndiyese kuziukitsa. Mubwere mawa."

Ndalama ndinalibe. Anati nkhuku amalandiranso. Lachitatu ndinamutengera thadzi lathu loikira mazira. Analandira, akuti mawa. Lachinayi ndinapeza loko pachitseko. Ndinakhala pakhonde mpaka 4 koloko. Lachisanu anandiuza akutokosa m'mano kuti zakanika, wazitaya.

Tsiku la maina linadutsa choncho. Ku ofesi anagwiritsa ntchito mndandanda wakale. Mabanja khumi ndi anayi atsopano anatsala. Pakati pawo pali Abiti Jafali, wamasiye wolera zidzukulu zisanu. Galimoto ya chimanga itabwera, anaima poteropo n'kumandiyang'ana. Sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Alembi, dzina langa mwalidya?" Kunyumba kwawo akuwiritsa mango aawisi.

Sabata yotsatira aphunzitsi aakazi a pasukulu yathu anandibwereka kiyibodi ndi mausi zawo. Ndinalumikiza. Zii. Iwo anasuzumira kumbuyo, n'kupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje.

"Agogo, mwasinthanitsa. Mabowo awiriwa ndi ofanana, koma onani mitundu. Wobiriwira ndi wa mausi, winawu ndi wa kiyibodi."

Anasintha, tinazimitsa n'kuyatsanso. Zonse zinagwira. Vuto lonse linali limenelo. Ine ndinalekera Sitandade 6, sindinadziwe. Nanga Injiniya? Timagetsi tija sanatione?

Dzulo ndinabwerera pa Nselema, 9 koloko. Ndinamupeza akulembera munthu kalata yofunsira ntchito. Pa kiyibodi yanji? Ya zilembo za penti yoyera. Mausi yanga pambali pake, ikuyenda ngati yatsopano.

"Madala, makiyibodi amafanana," akutero.

Amafanana? Ku fakitale amalemba ndi penti ya bwato? Dzanja langa ndingalisokoneze ine? Ndinatambasula mkono, iye n'kuikokera pansi pa tebulo, akuti ndibwere ndi lisiti. Lisiti ya nkhuku?

Sindinamumenye. Ndine wamkulu, ndipo kumenya kumatha msanga.

Iwe Injiniya, tamvera. Tsiku la msika likubwerali ndikubwera ndi mabanja onse khumi ndi anayi. Tidzakhala pakhonde pako kuyambira m'mawa, ndi mapoto athu opanda kanthu. Aliyense wobwera ndi foni adzayamba wamva nkhaniyi. Kiyibodi udzaipereka anthu akuona. Kenako, pa tebulo lako lomwelo, ndidzalembera kalata yopempha akuluakulu a msika kuti akuchotse. Abiti Jafali sadziwa kulemba, koma dzina lawo lidzakhala loyamba. Ndidzawagwira chala, alembe okha.