Bambo, nkhuku ndi kadamsana

Ndikukumbukira chaka chimene kadamsana anachitika kwathu kwa Kanduku, ine ndili Sitandade 5, chimanga chili kale m'nkhokwe. Aphunzitsi athu a sayansi, a Dzimbiri, analengeza kutchalitchi kuti akatswiri a zakuthambo akupempha anthu wamba kuti awathandize. Dzuwa likadzada masana, tidzaonetsetse zimene ziweto zidzachite, aphunzitsiwo adzalembe n'kutumiza ku Blantyre.

Bambo anga, amene ankakonza njinga pamsika, anaimika mkono aphunzitsiwo asanamalize n'komwe. Aphunzitsi anawapatsa ntchito yoonetsetsa nkhuku zathu.

Kuyambira tsiku limenelo nkhuku zathu, zomwe zinkangodziyendera m'zinyalala, zinasanduka ngati za boma. Kutabwera mlendo wochokera ku Zobue, mayi ananola mpeni, diso lili pa tambala. Bambo anawatsekereza pakhomo.

"Amake Feli, ameneyo ali pa ntchito."

"Pepani, a pulofesa," anatero mayi. Mlendo anadyera nyemba, ndipo pofika mawa lake dzinalo linali litafika kale kumjigo.

Tsikulo litakwana bambo anavala jekete ya kutchalitchi, nakhazika mpando moyang'anizana ndi khola. Mudzi wonse unali pabwalo la sukulu, kuseri kwa nyumba yathu, anthu atandanda pamzere kulandirana kagalasi kakuda ka wowotcherera zitsulo kamene a Dzimbiri anakabwereka kumalire.

Dzuwa litapendeka, kuwala kunayamba kufooka. Kunja kunazizira mwadzidzidzi mpaka tsemwe m'mikono, mbuzi zinalira kuphiri, azimayi anaimba nthungululu. Nditasuzumira pakagalasi kaja ndinathamangira kunyumba.

"Ababa, tiyeni, dzuwa lalumidwa!"

"Ndikachoka, nkhukuzi aziona ndani?"

Anayankha osadzutsa mutu. Ndinawamvera chisoni. Munthu anadikira masabata onse aja, ndiye chinthucho chimudutse pamutu akuyang'ana zitosi!

Nkhuku zinalowa m'khola imodzi imodzi, kupatula thadzi lina lakuda lamakani, lomwe linathawira pansi pa mtengo wa mango. Bambo analitsatira chowerama, jekete ikukwekwereza fumbi. Kenako anangoima chilili.

"Feli, taona pansipa."

Pamthunzi ponse, paliponse pamene kuwala kunadutsa m'masamba, panali timiyezi ting'onoting'ono topindika ngati chikwakwa. Tina tinali pamsana pa thadzi, tina pamapazi anga. Bambo anakuwa mpaka anthu anasiya mzere wa kagalasi n'kukhamukira kwathu. A Dzimbiri anafotokoza, akupumira m'mwamba, kuti timipata ta masamba tikujambula pansi dzuwa lolumidwalo. Mayi sanamvere zonsezo. Anatambasula chitenje chawo kuti timiyezi tigwerepo, akuseka ngati mtsikana.

Kuwala kutabwerera, nkhuku zinatuluka zili balalabalala, zikuyesa kwacha. Bambo anapereka lipoti lawo kwa aphunzitsi ataima njo, osaiwala kuneneza thadzi lakuda kuti silinamvere. Yankho la ku Blantyre sitinalione.

Masiku ano ana anga amadziwiratu za kadamsana pafoni. Amajambula thambo, kutumiza kwa akatswiri, ndipo yankho limabwera tiyi asanazizire. Sindikudandaula, n'zabwino. Bambo nawo akalamba, maso achita nkhungu, sipoko ya njinga saionanso. Mdzukulu wawo wina anawaseka tsiku lina kuti agogo anaphonya kadamsana chifukwa cha nkhuku. Anamuyang'ana pang'ono, nakonza kolala.

"Anzanga aja anaona dzuwa limodzi, atayamba aima pamzere. Anga anali osawerengeka, ndipo anachita kundipeza pakhomo."