Maluwa a Pasiling'i ya Mngelezi

Amuna anga anali a pulasitala. Anthu akamva kuti uli kutsidya kwa nyanja kuno ku Perth amangoganiza za migodi, koma iwo kumgodi sanapondeko. Ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Malaga, dera lina la mumzinda uno, youmba zokongoletsa za m'masiling'i, ndipo madzulo ankafika kunyumba ali mbuu ngati agwera m'thumba la ufa.

Chaka chawo chomaliza anathera pa nyumba ina yakalekale kupitirira Midland, chakumapiri. Anaimanga Mngelezi wina amene mtima unatsalira kwawo, ndiye anangokopera nyumba ya kumudzi kwawo ku Mangalande. Denga lake n'lotsetsereka kwambiri kuti chipale chofewa chisamakhalepo, kuno kumene dzuwa limasungunula phula pamsewu. Machumuni ataliatali mbwee, timazenera topapatiza ta magalasi ang'onoang'ono. Khonde anachita kuwonjezera pambuyo pake, dzuwa litamuphunzitsa. Panopa nyumbayo ndi yotetezedwa ndi lamulo, moti ngakhale msomali sungakhome osapempha.

Denga linkadontha m'chipinda chodyera, ndipo maluwa a pulasitala a pasiling'i anayamba kuthothoka. Ntchito yokonza inagwera amuna anga. Simenti anawaletsa. Ankakanda laimu wosakaniza ndi ubweya wa hatchi, monga ankachitira akalewo, n'kumaumba duwa limodzilimodzi m'chikombole chomwe anadinda pa duwa lakale. Ine ndinkawaseka.

"Inu, kuchoka ku Ntcheu konse kuja kudzameta mahatchi kuno?"

"Sekani," ankatero. "Akachotsa nsanja ndidzakutengani mukaone. Mudzatseka pakamwapo."

Nsanjazo anazichotsa iwo ali m'chipatala. Anagwa ndi sitiroko akuvala nsapato m'mawa, ndipo sanalankhulenso.

Thupi tinapita nalo kumudzi. Titaika, apongozi anga, mayi awo owabereka, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Ndi munthu wokalamba, maso ayamba kuchita ng'ala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zonse anamanga kuno ndimazidziwa. Za kumeneko sindinaoneko n'chimodzi chomwe. Mukabwerera mukandionetse pomwe panagwira dzanja lake, maso angawa asanatsekeretu." Ndinavomera msangamsanga. Ndinkaona ngati n'chinthu chapafupi.

Kwathu mmisiri akamaliza ntchito amalemba dzina ndi chaka pa simenti yaiwisi, pasitepe kapena m'mphepete mwa khonde. Amuna anga sankaphonya, analemba mpaka pa bafa la amayi awo. Ndiye tsiku lomwe nyumba ija imatsegulidwa kwa alendo, ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira, n'kupita kukafuna dzinalo. Anzanga odzaona ankasirira mipando ndi zithunzi za eni ake. Ine maso anali m'makona, kuseri kwa zitseko, pansi pa mazenera. Ndinagwada mpaka pamalo osonkhapo moto, chitenje chonse fumbi.

Mayi wina wachizungu wachikulire, woonetsa alendo, anandifunsa ngati ndataya ndolo. Ndinamuuza zonse, Chingelezi chikundithawa pakamwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Dzina simulipeza," anatero. "Akanalemba, bwenzi titawapempha afufute. Pano chatsopano chimayenera kufanana ndi chakale."

"Nanga maluwa awo ndi ati?"

"Sindidziwa, mayi. Ndimayang'ana siling'i imeneyi sabata iliyonse, koma sindingasiyanitse."

Mtima unandiwawa koopsa, ndipo ndinamupsera mtima mayi wosalakwayo. Mngelezi wa nyumbayo anafa kalekale, koma amusungira chilichonse, ndi mphika womwe ankakodzeramo usiku, auika pakabati ndi kachikwangwani. Munthu wanga wamwalira dzulodzuloli, khosi linkamupweteka chifukwa choyang'ana kumwamba tsiku lonse, ndiye palibe ndi kachizindikiro komwe.

Ndinatuluka panja n'kuimbira bwana wa amuna anga wa ku Malaga uja. Anapepesa kwambiri. Anati maluwa akale omwe anali abwino anawatsitsa n'kuwatsuka, ndipo pobwezera amuna anga anawasakaniza okha ndi atsopano, dala, kuti diso lisagwire pomwe pakonzedwa. Kenako anapaka zonse laimu mmodzi. Wodziwa anali iwo basi.

Ndinakhala pabenchi pakhonde paja alendo mpaka kutha. Ndinaganiza zongouza apongozi kuti nyumba ndinaipeza yotseka. Koma anali akudikira. Kuno kunali masana, kumudzi kunali kutangocha, ndipo mlamu wanga anali atawakhazika kale pampando ndi foni m'manja.

Mayi uja asanakhome anandiitana, n'kumasula chingwe chotchinga chipinda chodyera. Ndinalowa, ndinaima pakati, n'kuimba foni ya kanema.

"Amayi, ndafika. Ndi muno."

"Kwezani ndione."

Ndinalozetsa foni kumwamba. Maluwa oyera ali ndandanda kuchokera khoma ili kukafika ilo, ndi masamba opiringizana pakati pake, onse ofanana ngati mazira m'thireyi. Ndinayendetsa dzanja pang'onopang'ono, mawu oti ndiwauze zoona ali pakhosi. Ndinkamva tambala akulira kumudzi, ndi mpweya wa apongozi atayandikitsa nkhope pagalasi la foni.

"Bwererani pang'ono," anatero. "Ayi, kumanzere. Imani pomwepo."

Ndinaima. Linali duwa la pafupi ndi zenera, losasiyana ndi linzake lililonse. Mwina analiumba amuna anga, mwina munthu wina wa ku Mangalande amene mafupa ake anaola kale.

"Ndi limenelo," anatero apongozi. "Dzanja la mwana wanga ndingalisowe ine? Taonani mmene lakhalira bwino."

"Ndi lomwelo, amayi."

"Musasunthe. Ndilione kaye."

Mkono unayamba kutopa, misozi ikutsikira m'makutu chifukwa nkhope inali chagada. Mayi wachizungu uja anabwera mwakachetechete n'kundichirikiza chigongono ndi manja ake awiri. Tinaima choncho, ndipo apongozi anayamba kuliitana duwalo ndi dzina la paubwana la amuna anga, lomwe ine ndinali ndisanalimvepo.