Katswiri Wodana ndi Phokoso

Bambo oyandikana nafe nyumba kuno ku Tandil ndi katswiri wa gofu. Pakadapanda phokoso, bwenzi zikho zitadzaza nyumba. Amatero eni ake. Tsitsi lidayera kale, mawondo amalira akamawerama, koma olakwa ndife. Akamayeserera pabwalo pawo, galu asauwe, wailesi izimitsidwe, ngakhale nyama isalire pamakala.

"Nélida, mbalezo! Ukundisokoneza dzanja!" amatero bambowo pokalipira akazi awo.

Chaka chatha adafika tsiku lomaliza la mpikisano waukulu wa dziko lonse, akulimbana ndi anyamata a msinkhu wa zidzukulu zawo. Tonse tidaunjikana pa kanema. Padzenje lomaliza kampira kadaima pafupi zedi: kakalowa, chikho n'chawo. Khamu lonse la kumpikisanoko lidangoti zii, bata lomwe akhala akutipempha zaka zonsezi. Adawerama, adayeza, adamenya. Kampira kadalambalala dzenje ngati sikakulidziwa, chikho n'kupita ndi mnyamata.

Atabwerako ndidawapepesa pampanda.

"Iwe, kudali zii ngati pamaliro," adatero. "Munthu ungamenye bwanji pamalo otero?"

Akazi awo adasuzumira pazenera. "Usadandaule, mdala wanga. Chaka chamawa ndidzabwera ndi galu, ndi mbale zomwe."